Maliro Opanda Ng'oma

Atate anandipempha chinthu chimodzi chokha moyo wawo wonse. Anati, "Ndikafa, pasalire ng'oma. Mudzandiimbire nyimbo ya Chilatini ija ya maliro, basi." Sanapemphe bokosi lokongola, sanapemphe kuti tikawaike kumudzi. Papita zaka zambiri, mutu wanga wayera ndi imvi, koma ndikamva ng'oma ya zopereka m'tchalitchi, mtima umandiwawabe.

Tinkakhala ku George, komboni ya anthu osauka m'mphepete mwa mzinda, m'nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri, denga la malata akale otsindira ndi miyala. Atate anachokera kum'mawa, kumidzi ya kufupi ndi malire, dziko lisanalandire ufulu. Ankanyamula matumba a simenti pa kampani ina ya zomanga, ndipo ankabwera kunyumba ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Koma Lamulungu ankakhala munthu wina. Ankavala jekete lawo lakuda, limodzi lomwelo, n'kuyenda wapansi mpaka ku Matero, kutchalitchi kumene anali mtsogoleri wa oimba.

Masiku amenewo Misa inali ya Chilatini. Wansembe mzungu ankatifulatira, nkhope kuguwa, ife tikungoona msana wake. Atate ankayamba mzere, amuna ena asanu n'kuyankha, limba likulira pansipansi. Nyimbo zimenezo zinali zolandizana: mmodzi ayamba, ena ayankha, ndipo popanda oyankha nyimbo siyenda. Ine ndinaziphunzira Loweruka masana, nditakhala pafupi nawo akupukuta nsapato. Ndinkangotsanzira mawu ngati chinkhwe. Tanthauzo lake sindinafunsepo, ndipo iwo sanandiuzepo.

Ufulu utabwera, m'tchalitchi namonso zinthu zinayamba kusuntha. Guwa analikokera kutsogolo, wansembe anatembenuka n'kutiyang'ana kumaso, Misa inalowa m'Chinyanja. Tsiku loyamba amayi analira, ati, "Kani zaka zonsezi ankatiuza zabwino chonchi!" Atate sanasangalale, koma anameza. Anangoti, "Ngati Apapa anena, ife ndife yani?" Buku lawo la Chilatini analikulunga m'nsalu n'kuliika m'sutikesi kunsi kwa bedi, n'kuyamba kutsogolera nyimbo za Chinyanja. Ankaimba ngati munthu wodya ndiwo zopanda mchere, koma ankaimba.

Amati chakudza sichiimba ng'oma. Chathu ife chinabwera chikuimba.

Chaka chimene chipani chinatsala chimodzi, tinalandira wansembe wachikuda, woyamba pa parishi pathu. Anali wachinyamata, woseka, woyenda pa njinga yamoto, ndipo tonse tinawakonda. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndikuthandiza amayi kugulitsa matimati pamsika, ndipo m'kwaya mawu anga ndiwo ankamveka pamwamba pa onse. Abambowo anatiuza kuti Mulungu si mlendo kwathu kuno, amamva ng'oma monga amamvera limba. Ha! Ife achinyamata tinaomba m'manja mpaka kuwawa.

Anapeza ng'oma zitatu ndi anyamata atatu. Wamkulu wawo anali mnyamata wa mtundu wa Abemba wobadwira ku migodi, amene ankaimbanso ng'oma m'gulu la achinyamata a chipani, aja ankawanyamula pa lole kukavina ku bwalo la ndege akuluakulu akamabwera. Kumeneko anatolatola kaimbidwe ka mitundu yonse, ka Alozi, ka Atonga, ka Achewa, osadziwa kuti aka n'ka chiyani, ako n'ka chiyani. Chilichonse chokoma m'khutu ankabwera nacho.

Tsiku lina pophunzira nyimbo, atate kulibe, Abambo anafunsa ngati pali wamkulu wodziwa ng'oma bwinobwino amene angawongole anyamatawo. Pakamwa pangapa, anthuni, sipanakhalepo ndi chitseko. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Atate anga anali katswiri wa ng'oma kumudzi!"

Ndinadziwa bwanji? Ndinkaona zala zawo. Akaiwala, zinkagogoda zokha pa chitini cha madzi kapena pa bondo, ndipo akazindikira ankazikhalira. Komanso amayi tsiku lina anapulumutsa mawu, ati, "Manja a atate akowa usawaone simentiyi, kale ankagwedeza midzi isanu." Atatero anadzigwira pakamwa. Ine, chitsiru, ndinaganiza kuti ndi ulemu umene ndikuwapezera.

Loweruka masana Abambo anafika kwathu, ng'oma atamangirira kumbuyo kwa njinga. Ana a komboni yonse anathamangira, azimayi anasiya zochapa. Atate anali panja akupukuta nsapato. Anaimirira, anavula chipewa, analandira mlendo bwinobwino. Abambo anamasula ng'oma ija n'kuiimika patsogolo pawo.

"Atate, ndamva kuti muli ndi mphatso. Mpingo ukuifuna."

Atate anayang'ana ng'omayo, kenaka anaika manja onse awiri kumbuyo.

"Abambo, wakuuzani ndani?"

Abambo sananene, koma maso awo anabwera kwa ine. Atate nawo anandiyang'ana. Sanandikalipire, sanandimenye, koma kuyang'ana kumeneko bola akanandimenya.

"Pepani, Abambo," anatero, "chotsani chinthuchi pakhomo panga."

Milungu itatu sanandiyankhule. Ndikawapatsa madzi osamba m'manja ankalandira ngati akulandira kwa mwana wa eni.

Komabe kutchalitchi anapita, Lamulungu limene ng'oma zinalowa koyamba. Anthu anadzaza mpaka m'mazenera. Nthawi ya zopereka itakwana, azimayi anandanda kukhomo ndi malichero a mbatata ndi mazira, ng'oma zinayamba, nthungululu zinabuka. Kunali kokoma, sindinama, ndipo ine ndinkaimba misozi ili m'maso. Kenaka mnyamata wa ku migodi uja anasintha kaimbidwe, anayamba kena kolemera, kogunda m'mimba. Ndinayang'ana kwa atate. Nkhope yawo inali itatuwa, ndipo zala zawo zinkathamanga pa benchi, zikutsata ng'omayo, mwinanso kuitsogolera. Anazigwira ndi dzanja linalo. Anazikhalira. Kenaka anaimirira, anatuluka pakati pa azimayi ovina aja, pakhomo anagwada bondo limodzi kuyang'ana kuguwa, anavala chipewa, ulendo.

Sanalowenso m'tchalitchi muja kufikira imfa yawo.

Ine ndinakwiya, ndisabise. Ndinkati ndi nkhalamba youma mutu, yokonda za azungu kuposa azungu eni ake. Ndinanena zimenezi kwa anzanga, ndinanenanso kwa amayi, ndipo tsiku lina ndinanena mokweza dala kuti amve ali kuchipinda. Lamulungu lililonse tinkawasiya atavala jekete lawo, atakhala pa mpando, buku la Chilatini lili pamiyendo. Pobwera tinkawapeza pomwepo.

Kenaka kunabwera miphakati. Akhristu a dera limodzi anayamba kukumana m'makomo pakati pa sabata, kuwerenga Mawu, kuyendera odwala, ndiponso kuyendetsa maliro, chifukwa wansembe mmodzi sakanatha makomboni onse. Wapampando wa mphakati wathu anali bambo wina wa kumpoto, wogulitsa makala, amene analinso tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Sanali munthu woipa, koma anazolowera kuti akanena wanena. Atate sanapiteko ngakhale kamodzi, chifukwa kumphakati nakonso kunali kang'oma.

Chifuwa chinawayamba pang'onopang'ono. Kuntchito anawauza kuti akapume, kuchipatala anawapatsa mapiritsi n'kuwabweza. Pofika dzinja la chaka chachinayi anali atatha, jekete lija likungolendewera. Tsiku lina masana mvula itakata, ndinawatulutsa kuti awothere dzuwa kukhoma. Njira yonse inali matope, madzi atafika pakhomo. Anandiuza kuti ndikhale pansi.

"Iwe umati ndine wouma mutu."

Ndinangozyolika.

"Pali zina zimene mwana wamkazi sauzidwa, ndipo sindikuuza. Koma izi umve."

Anandiuza kuti kumudzi anali woimba mbalule, ng'oma yaikulu ya gule wamkulu, imene imayankhulana ndi wovina. Atafuna ubatizo, wansembe wa kumishoni anawauza kuti ng'omayo ndi pakamwa pa Satana, ndipo munthu sangatumikire awiri. Anaphunzira katekisimu zaka zitatu. Tsiku lomaliza anatenga nkhwangwa n'kuiwaza mbalule yawo pabwalo, mng'ono wawo akuona, amalume awo akuona. Amalumewo analavula pansi n'kunena kuti, "Ukadzafa akakuike azungu akowo."

"Zimenezo ndinapirira," anatero atate. "Koma patatha chaka amayi anga anamwalira. Pa maliro awo panabwera gule, poti anali mayi wamkulu m'mudzi. Lamulo linali lakuti Mkhristu akapezeka pa maliro a gule, amuletsa masakramenti. Ndinapita kukagwada kwa wansembe, ndinapempha, anakana. Ndiye ndinakhala pa chulu kuseri kwa mishoni tsiku lonse, ndikumva ng'oma kutsidya la dambo, akuika amayi anga. Ndinkamvanso kuti woimbayo akulakwitsa."

Anatsokomola nthawi yaitali. Ndinawagwirira chitini.

"Kaimbidwe kaja mnyamata uja amaimba pa zopereka, ukudziwa n'ka chiyani? N'ka maliro. Ndi kamene timaitanira zilombo kuti zituluke kudambwe zidzaperekeze mtembo. Ndi komweko ndinkamva pa chulu paja. Iye sadziwa, n'kamwana. Koma tsopano undiuze iwe wophunzira. Ngati ng'oma si tchimo, ine ndinalekeranji kuika amayi anga? Ndikafunse yani? Wansembe uja anabwerera kwawo kalekale."

Ndinalira ngati mwana, ndipo manyazi anandigwira pa mawu onse amene ndinawanenera. Ndi pamene anandipempha chinthu chija, ndipo ndinalonjeza nditagwira dzanja lawo.

Ndinapita kwa Abambo n'kuwafotokozera. Anabwera tsiku lomwelo, njinga ataisiya kumsewu chifukwa cha matope, nsapato zili m'manja. Anakhala ndi atate m'chipinda nthawi yaitali, anawalapitsa, anawadzoza mafuta a odwala, anawapatsa Ukaristiya pa lilime monga kale. Potuluka maso awo anali ofiira. Anandiuza kuti, "Tsikulo likafika ndidzaimba nawe ndekha, nyimboyo ndikuikumbukira. Ndipo mnyamata uja ndimuuza asiye kaimbidwe kaja." Mtima wanga unakhala pansi.

Koma atate anamwalira Lachiwiri m'mawa, Abambo atapita kutali ku msonkhano wa ansembe wa sabata yathunthu. Ngati mnyamata uja anali atauzidwa, kaya, sindidziwa mpaka lero.

Tinatumiza uthenga kumudzi, ndipo Lachinayi kunafika munthu mmodzi yekha, atate aang'ono, mng'ono wawo uja anaona mbalule ikuwazidwa. Ndinali ndisanawaonepo. Ndinawazindikira ndi manja, anali omwewo a atate, aakulu, a zala zazitali. Analowa kukalira kwa amayi, kenaka anakakhala payekha pa mwala, akununkhiza fodya. Anthu akamapemphera iwo ankangoyang'ana pansi.

M'mawa wa tsiku loika, ndinaona anyamata akukweza ng'oma zitatu pa lole. Ndinathamangira kwa wapampando, ndinagwada m'matope momwemo.

"Pepani, atate ananena kuti pasalire ng'oma."

"Imwe ba sisi," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni, "muziwa lamulo. Munthu wamene sabwela ku mphakati, sitimupasa kwaya, timupeleka chabe zii. Manje ise tinakambisana, tati ba tate banu ndiye banayamba kwaya ino, tizabapasa ulemu onse. Ni ulemu uyu. Mufuna banthu bakambe ati tinabataya monga galu?"

"Si choncho ayi. Kwaya ibwere, koma ng'oma zitsale. Abambo akudziwa."

"Ba Fada kulibe. Ndipo kwaya yopanda ng'oma ni kwaya ya bwanji? Ivi vinthu ni va mpingo, si va panyumba."

Ndinakweza mawu, poti ine ndi ine. Azimayi awiri achikulire anandikoka n'kundinong'oneza kuti mwana wamkazi sayankhula pa maliro a atate ake, ndikuchititsa manyazi amayi. Amayi anali m'nyumba, atakhala pa mphasa, mutu wofunda, ndipo namfedwa sayankhula. Ndinayang'ana amuna asanu aja ankayankha atate kale. Awiri anali atamwalira, mmodzi anabwerera kumudzi, mmodzi anasamukira ku Chawama ndipo uthenga sunamupeze. Wotsalayo analipo, koma anali atagontha, akungomwetulira aliyense.

Panjira anaimba nyimbo za pakamwa zokha, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina wapampando wandimvera chisoni. Kumanda kunali dothi lofiira lonyowa, lomata kunsapato. Katekisiti anawerenga mapemphero, anawaza madzi odalitsa, adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe. Pamenepo wapampando anakweza dzanja, kwaya inayamba, ndipo ng'oma zinalowa. Mnyamata wa ku migodi uja, pofuna kulemekeza mwini kwaya, anasankha kaimbidwe kake kopambana konse. Kanali komweko.

Mayo ine! Ndinangoona bokosi m'dzenje, ndikuganiza za zala zili m'katimo.

Ndiye ndinaona atate aang'ono akudutsa pakati pa anthu, osathamanga, osakankha munthu. Anafika pa mnyamatayo n'kuika chikhatho chawo pa chikopa cha ng'oma. Ng'oma inafa pomwepo. Zinazo zinagunda kawiri katatu n'kuleka, kwaya nayo inazima mmodzimmodzi.

"Mwanawe, wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Mnyamatayo anati anangomva ku bwalo la ndege.

"Izi sizoseweretsa. Ukaitana, eni ake amabwera. Uli nazo zowalandirira?" Kenaka anatembenukira kwa wapampando. "Akulu angawa anatikana ife masana dzuwa likuswa mtengo. Anawaza ng'oma yawo ine ndikuona. Amayi athu ndinaika ndekha. Ndakhala nawo mkwiyo zaka makumi atatu, koma sindilola kuti muwaike ndi chinthu chimene anachikana. Si anu kodi? Aikeni mwa chikhristu chawo chomwe anatisiyira ife."

Wapampando, munthu amene sanayankhidwepo pagulu, anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anandiloza ndi chibwano.

"Chabwino. Ba sisi, imbani Chilatini chanu."

Ndinayandikira kudzenje. Ndinayamba. Mzere woyamba unatuluka bwino, monga momwe ankauyambira atate, ndipo nditafika kumapeto kwake ndinaima, kudikira oyankha.

Palibe anayankha.

Anthu oposa zana anali pamenepo, Akatolika obatizidwa, ena okalamba amene anaimva nyimboyo kambirimbiri. Ena anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Mkulu wogontha uja ankandiyang'ana akumwetulira, osadziwa kuti nyimbo yayamba. Ndinadziyankha ndekha mzere wachiwiri. Ndinayamba wachitatu, ndipo pakati pake mawu anandithawa. Ndinabwerera, ndinayambanso, anandithawanso pamalo pomwepo. Buku lija linali m'bokosi, pachifuwa pawo, ndinaliikamo ndine ndemwe m'mawa umenewo.

Ndinaima choncho, kukamwa kuli yasa. Mvula inayamba kuwaza, ndipo mkulu wa adzukulu anayang'ana kumwamba n'kugwira fosholo. Nyimbo ya atate inathera pa mizere iwiri ndi theka.

Abambo atabwerera anachita Misa ya atate, anaimba nyimbo yonse okha, ndipo kaimbidwe kaja sikanamvekenso pa parishi pathu. Ine m'kwaya sindinatuluke. Ndaimba ndi ng'oma moyo wanga wonse, ndimaikonda, ndipo ndikhulupirira kuti Mulungu amaimva. Koma funso la atate lija palibe anandiyankhapo, ngakhale wansembe mmodzi.

Tsiku lotsatira maliro ndinaperekeza atate aang'ono kokwerera basi. Tinayenda tikulumpha zithaphwi, iwo kathumba kawo kali paphewa. Tili pafupi kufika anaima.

"Mwana wa akulu anga, unaimba bwino dzulo. Mawu ako ndi awo."

Ndinathokoza.

"Tandiuza. Mawu amene aja, amene akulu anga anasiyira amayi athu, amati chiyani m'chinenero chathu?"

Ndinatsegula pakamwa, ine wosasowa chonena. Anadikira, akundiyang'ana ndi maso ofuna kudziwadi.

"Sindidziwa, atate," ndinatero.

"Nanga iwo ankadziwa?"

"Sindinawafunse."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anasintha kathumba kuika paphewa linalo, n'kukwera basi.